Ng'ombe ndi mbidzi pa busa limodzi: zomwe adapeza ku Mpala

Mayi wina watilembera imelo kufunsa kuti: "Ndimamva kuti ku Kenya kuli mafamu a ng'ombe osunganso nyama zakutchire. Kodi nyamazo sizimaliza msipu? Nanga ofufuza amadziwa bwanji?"

Mayi, funso lanuli adaliyesa ku Mpala, famu ya m'dera la Laikipia ku Kenya, ya maekala pafupifupi 48,000, komwe kuli malo a kafukufuku kuyambira mu 1994. Ophunzira a ku yunivesite ya Princeton ya ku America ndi a m'mayunivesite a ku Kenya amakaphunzirira kutchire komweko.

Mu 1995, ofufuza a Truman Young ndi anzawo adadula mapuloti 18 pa dothi lamakande, iliyonse mamita 200 mbali zonse. Ena adawazinga ndi mpanda wamagetsi kuti mbidzi, njati ndi ntchefu zisalowe. Ena adangowakokera waya wamagetsi m'mwamba, mamita 2 kuchoka pansi: njovu ndi nyamalikiti zimabwerera, zinazo zimadutsa kunsi. Otsalawo ngosatchinga. Pa gulu lililonse, theka amadyetseramo ng'ombe, theka ayi. Mitundu 6 imeneyi adaibwereza malo atatu, poti puloti imodzi yokha inganame: mwina msipu wachita bwino chifukwa cha chinyontho chabe.

Kuti adziwe nyama zomwe zidalowa, amawerenga ndowe motsatira mizere. Apa mpofunika maso, chifukwa mvula ndi chiswe zimatha ndowe msanga, ndiye kuwerenga kwa dzinja sikungafanizidwe mwachisawawa ndi kwa chilimwe. Mpanda nawo umafuna kuyendera pafupipafupi. Udzu ukakula n'kukhudza waya, magetsi amafooka.

Ofufuza ena, a Wilfred Odadi, adaika ng'ombe pasikelo, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2011. M'chilimwe nkhawa yanu njoona: ng'ombe zodyera limodzi ndi nyama sizidanenepe ngati zodyera zokha. M'dzinja zidatembenuka, zidanenepa kuposa zinzake. Mbidzi imadya mapesi ouma, olimba, omwe ng'ombe imalambalala, motero imaitsegulira udzu wanthete wapansi. Choncho mwini famu wanzeru amasamala kuchuluka kwa ng'ombe m'chilimwe, osati kuthamangitsa mbidzi chaka chonse.

Kuchotsa nyama zikuluzikulu kulinso ndi mtengo wake. Ofufuza ena, a Felicia Keesing, adapeza kuti m'mapuloti otchingidwa mbewa zidachuluka pafupifupi kawiri (osaka mbewa kwathu kuno akadasekerera), ndipo njoka nazo zidatsatira.