Abwana Abweza Pulani Yanga, Bambo Akuti Ndisiye

Walemba ndi mnyamata wa dipuloma ya procurement (kagulidwe ka katundu), amene akuphunzira ntchito ku ofesi yogula zida za asilikali. Pulani yake yoyamba ya kasamalidwe ka zida abwana aibweza, ati yadzaza zosafunika. Kunyumba bambo ake akuti imeneyi ndi ntchito yowerenga mabawuti, akachite zamalamulo. Akufunsa ngati wasochera.

Makalata otere ndimalandira ambiri. Abwana akowo akunena zoona, ndipo ndikudziwa chomwe unachita: unatenga zonse za mu Def Stan 00-600 kapena S3000L, mabuku otsogolera kakonzedwe ka mapulani osamalira zida za asilikali, n'kuzikhuthulira m'kontilakiti imodzi. Mabukuwo amafuna kuti usankhe zokhazo zogwirizana ndi chida chomwe mukugula.

Tiyerekeze kuti mukugula malole omwe kampani imagulitsa kale kwa anthu wamba. Ukauza wogulitsa kuti afufuze mmene chitsulo chilichonse chimathera, akulipiritsa pa zinthu zomwe akuzidziwa kale, lipoti n'kukagona m'kabati. Pamenepo funsa za masipeya oyambira, mabuku a amakaniko, maphunziro awo, ndi masiku omwe sipeya idzatenge kuti ifike. Helikopita yopangidwa kumene ndi nkhani ina. Uyenera kudziwa chimene chidzakonzedwe pamsasa, chimene chidzabwerere kufakitale, zida zoyesera zofunika, komanso mwini wa zojambula ndi data yaukadaulo. Ufulu pa data ukauphonya posaina, kampani imodziyo idzakutchulirani mtengo uliwonse kwa moyo wonse wa ndegeyo.

Kwa bambo ako, mwaulemu: lekani kunyoza ntchito yomwe simunaifunse n'komwe. Mu 2024 bungwe la GAO la ku America, lomwe limafufuza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama, linati kusamalira ndege zankhondo za F-35 kudzadya ndalama pafupifupi madola 1.6 thililiyoni, kuposa kwambiri mtengo wozigulira. Amene amalemba mapulani otere sawerenga mabawuti chabe. Zimanditopetsa kuona makolo akukokera mwana aliyense ku zamalamulo ngati ntchito zina kulibe.

Koma iwenso usadzinamize. Dipuloma yokha siikufikitsa pa tebulo losainira makontilakiti a ndege. Zaka zoyamba udzathera pa manambala a masipeya ndi pa Excel. Pitiriza ndi maphunziro a CIPS (a zogula katundu) kapena CILT (a kayendetsedwe ka katundu), uphunzireko zauinjiniya, ndipo uzikhala kugalaja kumvetsera amakaniko akamadandaula. Ukapirira, ungafike patali, chifukwa odziwa kuchotsa zosafunika m'pulani molondola si ambiri.

Pulaniyo ilembenso sabata ino. Pambali pa chilichonse chomwe ukupempha, lemba yemwe adzachigwiritse ntchito ndi chimene chidzaonongeke chikasowa. Chomwe walephera kuchiyankha, chichotse.