Query ya GROUP BY musaikakamize pa CMP

Mwafunsa mmene mungalembere finder (method yosaka ma rekodi mu database) yophatikiza matebulo angapo n'kuwerengera ndalama za kasitomala aliyense pogwiritsa ntchito CMP entity beans za Java (CMP ndi container-managed persistence, pomwe seva imasunga yokha ma object anu mu database). Kunena zoona, finder si malo ake. EJB QL, chinenero cholembera ma query a finder, inabwera ndi EJB (Enterprise JavaBeans) 2.0 mu 2001, ndipo EJB 2.1 inawonjezera ORDER BY ndi ma aggregate monga SUM ndi COUNT, koma GROUP BY (yoika zotsatira m'magulu, monga za kasitomala aliyense) ndi subquery mulibe. Query imalembedwanso mu ejb-jar.xml, ndiye simungaisinthe pulogalamu ili mkati mogwira ntchito.

Palinso vuto lina limene limabisala. Query ya finder imatha kutenga ma primary key okha, kenaka container (gawo la seva loyendetsa ma bean) imatha kuitana ejbLoad, yowerenga rekodi ku database, pa bean iliyonse payokhapayokha. Mizere 500 ingasanduke ma SELECT 501. Yatsani SQL logging mudzionere nokha, mudzagwira pakamwa.

Ine ndikanalemba stateless session bean, n'kutenga DataSource (cholumikizira ku database) kudzera mu JNDI (njira yopezera zinthu pa seva ndi dzina), n'kulemba SQL yeniyeni ndi PreparedStatement, zotsatira zake n'kuziika mu ma object wamba. CMP muisiyire kusunga ndi kusintha rekodi imodzi imodzi, kumeneko imachita bwino. Chenjerani chabe: ngati mwasintha entity bean mu transaction yomweyo, container ikhoza kukhala isanalembe zosinthazo ku database, ndiye SQL yanu iwerenga zakale.

Seva ya JBoss inali ndi DynamicQL, seva ya WebLogic nayo ili ndi zowonjezera zake pa EJB QL, koma zimakumangirirani pa seva imodzi. Ngati mungathe kusamukira ku JPA (Java Persistence API) ya EJB 3.0, chinenero chake cha ma query, JPQL, chili ndi GROUP BY ndi subquery.