Funsani Amakaniko: Kodi injini za galimoto zatsopano za m'matope n'zodalirika?

Funso: Ndine mlimi komanso wogula mpunga kuno ku Nkhotakota. Chaka chatha ndinagula galimoto yatsopano ya dizilo yokoka mawilo onse anayi kuti ndizitha kufika kumidzi ngakhale m'dzinja, ndipo yayenda makilomita 18,000 popanda vuto. Koma mnzanga wa ku Salima, amene anagula yake miyezi yomweyo, injini yake yanoka, ndipo ndamvanso kuti kunja makampani ena akuitanitsa galimoto zatsopano zimene anagulitsa kale kuti zikakonzedwe chifukwa cha vuto la injini. Ngongole ya kubanki sindinamalize, mtima suli m'malo. Kodi ndigulitse isanandifere m'manja?

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo zimene mwamvazo ndi zoona. Mu 2024 kampani ya Toyota inaitanitsa ku United States galimoto pafupifupi 102,000 za mtundu wa Tundra ndi Lexus LX 600 za 2022 ndi 2023, chifukwa tizidutswa tachitsulo totsalira pamene injini inkapangidwa tinkatha kuwononga mabering'i a crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa), kotero kuti injini inkayamba kugogoda kenako n'kuzima pamsewu. Pambuyo pake kampaniyo inalonjeza kusintha injini zonsezo mwaulere. Mu 2025 nayo General Motors inaitanitsa galimoto pafupifupi 600,000 za injini ya V8 ya malita 6.2. Injini zonse ziwirizi ndi za petulo, pamene yanu ndi ya dizilo. Komabe musangokhulupirira mawu anga. Tengani nambala ya chasisi, ya zilembo ndi manambala 17, imene ili pa buku la galimoto, mupite nayo kumene munagula kuti akuuzeni ngati ili m'gulu la zoitanitsidwa, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine kwambiri pa galimoto ya kunyanja ndi zimene zimalowa mu injini ikafika kuno. Choyamba ndi mafuta a m'zigubu. Dizilo akasowa, munthu amene katundu wake ali pa sikelo amagula kulikonse kumene wamupeza, ndipo ambirife tinachitapo zimenezi. Koma injini za masiku ano zimapopera dizilo pa mphamvu yofika mabaa 2,000, pamene tayala la galimoto yomweyo limapopedwa mabaa awiri kapena atatu okha. Timabowo ta ma injector, tizida topopera dizilo mu injini, ndi tating'ono ngati tsitsi, ndipo pampu imatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Mafuta akakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, pampu imadyeka, tizitsulo take timafalikira m'mapaipi onse, ndipo injector yodontha imatha kuboola pisitoni. Galimoto zakale zija zinkapirira zimenezi, koma zatsopano sizipirira. Gulani dizilo pa filing'i siteshoni yovomerezeka ndi MERA, sungani malisiti, ndipo nyali yochenjeza za madzi mu fyuluta ikayaka, khetsani madziwo tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi madzi a m'mitsinje. Inu mukudziwa mmene Bua, Dwangwa ndi timitsinje todutsa msewu wa M5 timadzazira mvula ikagwa kumapiri. Ndinaonapo injini ya galimoto imene inazima pakati pa khwawa, mwini wake n'kuyesa kuilizanso kawiri. Titatsegula tinapeza fyuluta ya mpweya ili chonyowa ngati chinkhupule, ndipo ndodo imodzi ya pisitoni itapindika ngati uta, pakuti madzi safinyika monga mmene mpweya umafinyikira. Waranti siilipira zotere. Buku la galimoto limanena kuya kwa madzi amene ingawoloke, ndipo ikazima m'madzi, musagwirenso kiyi, ikokedwe basi.

Fumbi ndi mchenga wa m'chilimwe nazo zimadya injini mwakachetechete. Anyamata a m'magalaja a m'mbali mwa msewu amakonda kuuzira fyuluta ndi kompuresa, zimene zimatha kung'amba pepala lake n'kulowetsa fumbi. Ikada, gulani ina yeniyeni. Oyilo akhale wa nambala imene yalembedwa m'buku, ndipo popeza mumayenda m'fumbi, m'matope ndi katundu wolemera, tsatirani ndondomeko ya sevisi ya galimoto zogwira ntchito yakalavulagaga, imene imafupikitsa mtunda wosinthira oyilo.

Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, kapena mukamva kugogoda kochokera pansi pa injini, imani pomwepo ndi kuzimitsa, ngakhale patatsala makilomita awiri kuti mufike pa boma. Injini yopanda oyilo wokwanira imatha m'mphindi zochepa.

Za mnzanu wa ku Salima, muwauze apemphe lipoti lolembedwa la chimene chinapha injini, ndipo ngati sevisi ankapangitsa moyenera koma wogulitsa akukana kukonza, akadandaule ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission. Inuyo musagulitse. Galimoto yatsopano imatsika mtengo kwambiri m'zaka zoyambirira, choncho mungataye ndalama zambiri pothawa vuto limene mulibe. Pitirizani kupangitsa sevisi kumalo ovomerezeka mpaka waranti ithe, ndipo onetsetsani kuti ulendo uliwonse adinda chidindo m'buku la sevisi.