Mpikisano wa pa TV umene ena ankawina bini

Funso: Akonzi, m'ma 1980 ndinkaphunzira unamwino ku Leeds, ku England. Loweruka madzulo tinkaonera mpikisano wina pa TV. Woyendetsa ankawerenga ndi zala mwachangu kwambiri, ndipo ena ankapita kwawo ndi bini ya zinyalala ngati mphoto. Adzukulu anga akuti ndikungopeka. Unkatchedwa chiyani?
Agogo a ku Zomba

Yankho: Agogo, adzukuluwo akupepeseni. Dzina lake ndi 3-2-1, ndipo unkakonzedwa ndi kampani ya Yorkshire Television ku Leeds komweko. Unaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ITV kuyambira 1978 mpaka 1988, potengera mpikisano wa ku Spain wotchedwa Un, dos, tres. Wa zala uja anali Ted Rogers, amene anamwalira mu 2001.

Ankayamba mabanja atatu, n'kutsala limodzi. Banjalo linkapatsidwa zilape, chilichonse chikubisa mphoto, nthawi zina galimoto. Linkataya chimodzichimodzi mpaka kutsala ndi chimodzi. Chikakhala cha Dusty Bin, chidole cha bini cha pa mpikisanowo, basi, ankanyamula bini yatsopano. Kunena zoona, zilapezo zinali zokhotakhota mopitirira muyeso. Ngakhale Rogers atamasulira, owonera ambiri ankangoyang'anana.