Musawatsekere khitchini monga tinachitira ife

Achemwali, zoti amayi anu ayamba kutchula mchere kuti shuga, ndipo alongo anu akuti muwaletse kuphika mpaka kalekale, zandikumbutsa bambo anga moti ndalephera kungodutsa osayankha. Ife tinawaletsa, ndipo mpaka lero nkhani imeneyi imandisowetsa tulo.

Bambo anga anagwira ntchito ya ukhukhi kwa zaka zoposa 30, ndipo madzulo aliwonse akaweruka ankakhala pampando wawo n'kuyamba kuliza gitala. Zinthu ziwirizi ndizo zinali moyo wawo. Atakwanitsa zaka 74, chinthu choyamba kuwathawa chinali mayina a zakudya, pamene mayina athu ndi njira yobwerera kunyumba anali akuzidziwabe bwinobwino. Anyezi anayamba kumutchula kuti "choliza maso", mazira anasanduka "za nkhuku zija", ndipo patapita miyezi chilichonse cha m'khitchini chinangokhala "chijachi". Munthu amene ankadziwa dzina la chiwalo chilichonse cha nyama ya ng'ombe ankaima atagwira karoti m'manja, milomo ikugwedera, mawu osatuluka. Ndinapita nawo kuchipatala, ndipo amene anatilandira tsiku limenelo sanawayeze ngakhale magazi. Anangoti ndi ukalamba, tipite tikawasamale. Mawu amenewa anatitayitsa chaka chathunthu, ndipo ndikawakumbukira ndimapsa mtima, chifukwa ukalamba wokha suchititsa khukhi kuiwala dzina la anyezi.

Dokotala wina amene tinakumana naye pambuyo pake ndiye anatifotokozera za dementia, matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi vutoli, ndipo 60 mpaka 70 mwa anthu 100 aliwonse amene ali nalo amakhala kuti akudwala Alzheimer. Kusowa mayina a zinthu ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira kudziwika za matendawa. Mu 1901 ku Frankfurt m'dziko la Germany, dokotala Alois Alzheimer anafunsa wodwala wake Auguste Deter, mayi wa zaka 51, chimene ankadya, ndipo mayiyo anayankha kuti sipinachi pamene m'mbale mwake munali kolifulawa ndi nyama ya nkhumba. Kapu ankaitchula kuti chothirira mkaka. Nditamva zimenezi ndinalira, chifukwa ndi mmene bambo anga ankalankhulira.

Koma tisanakumane ndi dokotala ameneyu, ngozi inali itachitika kale. Linali Lamlungu masana, ine ndikuchapa panja. Bambo anathira mafuta m'chiwaya chachikulu kuti akazinge mbatatesi, anayatsa chitofu cha gasi, kenako anapita pabalaza kukadikira kuti mafutawo atenthe. Pabalazapo anaona gitala n'kulinyamula. Ine ndinkamva gitala likulira, ndipo mtima wanga unali m'malo, poganiza kuti ali kutali ndi moto. Sindikudziwa kuti panadutsa mphindi zingati. Utsi unadzaza nyumba iwo osamva fungo lililonse, pakuti mphuno zawo zinali zitasiya kale kununkhiza, chinthu chimene chimachitikira okalamba ambiri ndipo chimafulumira kwa odwala matenda amenewa. Ndinaona utsi wakuda ukutuluka pawindo ndipo ndinathamanga manja ali ndi thovu, koma iwo anali atandiyambirira kufika. Ndinawapeza ataima pamaso pa chiwaya chimene chinali chitayaka, atanyamula jagi ya madzi. Ndinakuwa, koma anali atathira kale.

Achemwali, mafuta oyaka amakhala otentha kuposa madigiri 300, pamene madzi amawira pa madigiri 100. Madzi akagweramo amamira pansi, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imaponya mafuta oyaka m'mwamba. Lawi linafika kudenga ndi phokoso limene sindidzaliiwala. Mkono wa malaya awo unagwira moto kuyambira pachigongono mpaka m'dzanja. Ndinatseka gasi, ndinavundikira chiwayacho ndi chivundikiro cha poto wamkulu, ndipo ndinawakulunga mkono ndi thaulo lonyowa limene ndinali nalo paphewa. Iwo sanalire n'komwe. Anangoima akuyang'ana chitofu n'kumabwereza kuti, "Chija chapsa, chija chapsa," akufunafuna dzina la mbatatesi pamene khungu lawo linali likutumphuka matuza. Awa ndi bambo amene anaphunzitsa anyamata ambiri kuti pa mafuta oyaka sathirapo madzi.

Pamenepo nanenso ndinalakwitsa. Anthu amene anathamangira kudzathandiza anandiuza kuti ndipake mankhwala otsukira mano, ndipo chifukwa cha mantha ndinapaka. Kuchipatala anamwino anachita kuwachotsa mankhwalawo pabala, ndipo m'pamene bambo analira ngati mwana, akuitana amayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Choyenera chinali kuika mkonowo pamadzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20, kuchotsa wotchi mkono usanatupe, kuphimba ndi nsalu yaukhondo n'kuthamangira kuchipatala. Khungu la wokalamba ndi lopyapyala ndipo limachedwa kupola. Anagona m'chipatala masiku 12.

Kenako anabwera achimwene anga aakulu, amene kwa zaka zitatu anali asanagonepo m'nyumbamo ngakhale usiku umodzi. Anakhala masiku awiri, anayang'ana denga lakuda ndi mwaye, anandinena pamaso pa ana anga kuti ndine wosasamala, ndipo anagamula mlandu okha. Anagula loko n'kukhoma chitseko cha khitchini. Gitala analitenga, ati ndilo linayambitsa moto, ndipo anakaligulitsa osafunsa mwini wake, osafunsa ine. Gitala limenelo bambo analigula ndi malipiro awo asanakwatire, ndipo pakhosi pake panali poperepeseka pamene chala chawo chachikulu chinkakhala. Atatero anakwera basi n'kubwerera kwawo, n'kundisiyira ine ntchito yoyankha bambo m'mawa uliwonse akafunsa kuti chitseko chatani, ndi madzulo aliwonse akamafufuza kuseri kwa mpando. Anthu amene amalamula mokweza pa nkhani za odwala nthawi zambiri si amene amasintha zofunda usiku. Komabe sindingakane kuti kiyi ankakhala m'thumba mwanga, ndipo kwa miyezi isanu sindinatsegule.

M'miyezi imeneyo bambo anasiya kudya. Ndinkaphika zonse zimene ankazikonda, koma ankangolawa kawiri n'kukankha mbale. Sikelo inatsika kuchoka pa makilogalamu 68 kufika pa 59. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu amene waphika moyo wake wonse njala imamubwerera pamene akudula, kutakasa ndi kulawa, ndipo mbale ikangofika patebulo yophikaphika amaiona ngati ya munthu wina. Analeka kulankhula, ndipo tsiku lonse ankangoyang'ana manja awo.

Mwana wanga wamkazi ndiye anabwereka gitala kwa mnzake wa kusukulu. Titawapatsa, analitembenuza, anakhwimitsa nsambo imodziimodzi mpaka zonse zisanu ndi imodzi zitamveka bwino, ndipo ndi dzanja lachipsera lomwelo analiza nyimbo yathunthu, mawu ake onse osaphonya. Munthu amene sankatha kunena kuti mpunga anaimba ndime zitatu. Dokotala anatiuza kuti luso limene lili m'zala, ndiponso nyimbo zimene munthu anaziphunzira ali wachinyamata, zimasungidwa m'mbali za ubongo zimene matendawa amachedwa kuzifika. Woimba wa ku America Glen Campbell analengeza mu 2011 kuti ali ndi Alzheimer, koma anapitiriza kuliza gitala pamaso pa anthu mpaka chaka chotsatira. Kuphika nakonso kuli m'zala. Nditatsegula chitseko chija, bambo anasenda anyezi mofulumira kuposa ine, ngakhale dzina lake silinabwererenso. Nthawi zina akamang'ung'udza nyimbo uku akutakasa, dzina la chakudya linkatuluka lokha, ndipo ankandiyang'ana mosangalala ngati apeza ndalama m'thumba la malaya akale.

Choncho musawaletse amayi kuphika. Akati shuga pamene akuloza mchere, apatseni mcherewo osawakonza, chifukwa kuwakonza kumangowachititsa manyazi ndipo dzinalo silikhazikika. Aikireni nyimbo za pa utsikana wawo, makamaka zimene ankamvera ali ndi zaka za pakati pa 15 ndi 25, ndipo apatseni ntchito ya kusankha nyemba, kusenda, kukanda ufa ndi kulawa. Mchere muziwayezera nokha m'kambale, chifukwa lilime la wokalamba silimva kukoma msanga ndipo amathira mobwereza, pamene WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku. Sopo waufa ndi mankhwala ophera tizilombo muwachotse m'khitchini lero lomwe. Muwatengerenso kuchipatala ndipo muumirire kuti awayeze magazi, chifukwa kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda a m'chikhodzodzo ndi kuvutika maganizo zimasokonezanso mutu wa okalamba, ndipo zimenezi zili ndi mankhwala.

Koma ndikuuzeninso mosabisa kuti moto musawasiyire, ngakhale kwa mphindi imodzi. Gasi muzitseka pa silinda penipeni, machesi azikhala ndi inu, ndipo zokazinga ndi mafuta ambiri zithe m'nyumbamo. Nyimbo zomwezo zimene ndikukuuzani kuti muziwaikira ndi zimene zinawachotsa bambo anga pachitofu tsiku lija, choncho pamene moto wayaka wailesi ikhale yozimitsa ndipo inu mukhale pambali pawo. Usiku, ndiponso nthawi iliyonse imene mukuchoka pakhomo, khomani chitseko cha khitchini. Loko wa achimwene uja sindinamutaye, ndinapitiriza kumugwiritsa ntchito usiku uliwonse mpaka bambo atamwalira chaka chatha. Ngati alongo anu akuumirira zoti amayi asalowenso m'khitchini, auzeni abwere adzakhale nawo mlungu umodzi wathunthu, adzawadyetse okha katatu patsiku, ndipo mukambirane pambuyo pake. Mundiuzenso ngati amayi akumvabe fungo la chakudya chikamapserera, chifukwa ngati sakumva, mugule alamu ya utsi musanachite china chilichonse.