Miyala yokongoletsera khoma ikuyoyoka

Funso: Ndinamatitsa miyala youmba ndi simenti pakhoma lakunja, koma mvula itangoyamba ina yayamba kugwa. Chalakwika n'chiyani? Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Kawirikawiri vuto limakhala khoma, osati mwala. Simenti sigwira pa penti kapena pa fumbi. Palani pentiyo, pakani pulasitala wokhuthala mamilimita 12, mumukande mizere yopingasa akadali wofewa, mudikire masiku 2.

Sakanizani ndowa 1 ya simenti ndi ndowa 3 za mchenga wosefa. Nyowetsani khoma ndi kumsana kwa mwala, apo ayi zimamwa madzi a m'matopemo, matope n'kuuma ofumbutuka. Pakani kumsana konse, osati timadontho ngati mmene amachitira amisiri othamanga, chifukwa mvula imabisala m'mipatamo. Yambani ndi m'makona, ndipo musiye masentimita 10 kuchokera padothi.

Ngati ndi m'nyumba pakhoma lamatabwa, khomeranipo kaye waya wa sefa.