Mankhwala otsukira injini pa Sienta yakale: musathire musanasuzumire mkati

Achimwene amene mwafunsa za Sienta yanu yomwe yayenda makilomita 190,000, yomwe amakanika akuti muthiremo engine flush, mankhwala otsukira injini mkati, musanasinthe oyilo, ine ndikuti musathire. Zinandionekera ine ndemwe ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndinali ndi Probox ya injini ya 1NZ, ndipo ngati Sienta yanu ndi zakale zija, injini yake ndi yomweyo. Ndinaigula kwa munthu amene ankanyamulira anthu pamsewu wa ku Nkhata Bay, sevisi ankachita akakumbuka. Pa galaja ina konkuno ku Mzuzu anandiuza kuti tiitsuke mkati. Kabotolo ndinagula cha m'ma K15,000 nthawi imeneyo, pano kayenera kuti kakwera kwambiri. Anathira mu oyilo wakale, injini inalira pamalo amodzi kwa mphindi 15, atatsegula pansi munatuluka zakuda bii ngati phula. Ine kusangalala, kumati galimoto yanga yayera.

Tsiku lachitatu ndikupita ku Mzimba, ndili pachitunda ku Chikangawa, kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira. Ndinati ndikankhe pang'ono ndikaime pamene pali anthu. Sindinafike. Injini inayamba kugogoda ndipo galimoto inabwerera ku Mzuzu chokokedwa. Atamasula sampu, beseni la pansi pa injini momwe mumakhala oyilo, anandipatsa m'manja kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Mauna ake onse anali atamatidwa ndi zibuma zakuda, ndikapanikiza ndi chala zimaphwanyika ngati makala onyowa. Ma bearing, tizitsulo timene crankshaft imazungulirapo, anali atapita, crankshaft yomweyo, chitsulo chachikulu chozungulira pansi pa injini, inapita kokasula, zonse pamodzi ndi wokoka uja zinandidyera ndalama zoposa K900,000.

Chimene chimachitika n'chakuti injini yosasamalidwa imakhala ndi nkhoko mkati, ngati poto wa nsima. Nkhoko zija zikakhala phee pamalo pake galimoto imayendabe. Mankhwala aja sazisungunula zonse, amazikakatula zidutswazidutswa, zina zimatuluka ndi oyilo wakale, zina zimatsalira n'kudzamatuka inu muli pamsewu. Zikatseka kasefa kaja oyilo safika kumene akufunika, zitsulo n'kuyamba kudyana. Pa 1NZ palinso kasefa kena kakang'ono ka VVT-i (chipangizo chosintha nthawi yotsegukira ma valavu) kamene sikachedwa kutsekeka. Ndipo ma seal (malabala otchinga oyilo) okalamba amene litsiro limawabisira ming'alu amayamba kudontha.

Ndaona ena akuti "ine ndinathira, palibe chinachitika". Sindikutsutsa, koma afunseni ngati galimoto zawo zinadumphapo sevisi. Injini yoyera kale siingatseke kanthu, komanso ndiye kuti mankhwalawo siinawafune n'komwe. Amene akuti thirani dizilo kapena parafini musawamvere ngakhale pang'ono, zimenezo zimapangitsa oyilo kukhala madzimadzi pamene ma bearing akumufuna.

Chitani izi mawa m'mawa injini isanalire. Tsegulani chotsekera pothirira oyilo, muwunikemo ndi tochi ya foni. Ngati zitsulo zikuoneka zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, mulibe vuto, sinthani oyilo ndi fyuluta basi. Ngati mukuona matope akuda, auzeni amakanika amasule sampu, atsuke kasefako ndi manja, inu mulipo mukuona. Kenako sinthani oyilo ndi fyuluta pakatha makilomita 2,000 kapena 3,000, kawiri kapena katatu. Oyilo wabwino amakhala kale ndi mankhwala otsuka mkati mwake, amachotsa litsiro pang'onopang'ono fyuluta n'kumagwira. Injiniyi imamwa malita osakwana anayi, ndiye ngakhale mutasintha katatu simungafike pa ndalama zimene ndinataya ine.

Oyiloyo mugule wa m'chigubu chomata pa filling station, osati wopungulira m'mabotolo a madzi. Ndipo kuno kwathu kumazizira, m'mawa wa Juni ndi Julaye oyilo wa 20W-50 amakhala wolimba ngati uchi, amachedwa kukwera kumtunda kwa injini. Injini zimenezi zimafuna wopepuka, monga 5W-30. Maulendo afupiafupi a Katoto kupita m'tauni n'kuzimitsa injini isanatenthe bwino ndi amene amabala matope aja, choncho nthawi zina muziithamangitsako mpaka ku Ekwendeni.

Mankhwala othira mu thanki ya petulo otsukira ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini, ndi nkhani ina, amenewo ndathirapo kangapo osaona choipa. Koma ngati munagulapo petulo wa m'zigubu nthawi yosowa mafuta ija, musayembekezere kuti kabotolo kachotsa mchenga mu thanki, kaonetseni fyuluta ya petulo.

Ndipo kanyali kofiira kaja kakadzayaka, kaya muli pakati pa nkhalango, zimitsani pomwepo. Ine ndinayenda mtunda wosakwana makilomita awiri katayaka kale.